Kodi Sitima ya Mwana Wanu ndi ya Mfunda Wanji?

Lero ndifuna kukamba nanu za kanthu kamene akulu ambiri amakayesa kacabecabe, ndiko kasitima koseweretsa ana. Ena a inu munagulira mwana wanu kasitima kotere m'sitolo ku Chipata. Ena munakapeza m'mulu wa zidole pa salaula. Kwina kanabwera ndi mbale wocokera ku Lusaka pa nyengo ya Khirisimasi. Aliponso ana amene sayembekeza za m'sitolo, koma amadzipangira okha ndi waya, zitini ndi mapesi. Mukayang'ana tisitima tonseti mudzaona kuti tambiri tiri ndi cumuni patsogolo ndi mgolo wautali pakati, ndiko kunena kuti tifanizira sitima zakale zoyenda ndi moto ndi nthunzi.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi wopanga cidoleco anangolota maonekedwe ace, kapena inalipo injini yeniyeni imene iye anaonerako? Yankho ndi lakuti zidole zambiri ziri ndi makolo ace. Injinizo zinalipo ndithu, zinali ndi maina ndi manambala, ndipo zina zikali kusungidwa kufikira lero. Mlendo akafika pamudzi sitimfunsa dzina lokha ai, timfunsanso mfunda wace ndi kwao. Momwemonso ndi sitima. Munthu wodziwa poyang'ana angathe kuchula mfunda wa kasitima ka mwana wace, ngakhale iye mwini sanakwerepo sitima ndi kale lonse.

Nkhani iyi itikhudza ife a kum'mawa mwa njira yaceyace. Njanji inaoloka Zambezi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1905, inafika ku Broken Hill, kumene tsopano timati Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inali itafika ku malire a Congo. Koma kuno kwathu sinabwere. Ya ku Malawi inafika ku Salima mu 1935 ndi kuima pomwepo zaka zambiri. Ku Mchinji inafika mu 1980, ndipo ku Chipata inatsegulidwa mu 2010, nthawi imene injini za dizilo zinali zitalanda kale malo a injini za malasha. Motero utsi wa sitima ya nthunzi sunaonekepo konse m'cigawo cathu cino. Cimene mwana wa ku Chadiza adziwa za sitima yotere anacionera pa cidole, pa kanema, kapena anacimva kwa agogo ace amene anapita ku nchito kutali. Ndico cifukwa cace kuli kofunika kudziwa ngati cidoleco cirikumuuza zoona.

Ziwalo za injini

Tisanafunse za mfunda, tiyeni tidziwe ziwalo. Sitima yonse ndi mndandanda wa mabogi, koma ife tirikukamba za mutu wace, umene uchedwa injini. Mgolo wautali uja, umene anthu a pa njanji amati boila, ndiwo mphika wa madzi. Kumbuyo kwace kuli ng'anjo ya moto, ndipo poyandikana ndi ng'anjo pali kanyumba ka woyendetsa ndi mnzace woponya malasha. Moto ndi utsi zimadzera m'mipope yambiri yopyola m'kati mwa madzi kufikira ku cumuni. Madzi amawira, nthunzi imapanikizana, ndipo woyendetsa akaitsegulira njira imathamangira m'masilinda ali m'munsi ca kutsogolo. M'menemo imakankha citsulo cochedwa pisitoni uku ndi uku. Pisitoni ikankha mkono wacitsulo, ndipo mkono uzunguza gudumu. Nthunzi yotha nchito imatulukira ku cumuni, ndipo ndiyo imene imacita phokoso lija ana amaliyesezera posewera.

Yambani ndi magudumu

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani kasitimako pa mphasa, khalani pansi, ndi kukayang'ana ca m'mbali. Magudumu a injini ali a mitundu itatu. Pakati pali akuluakulu olumikizana ndi mikono yacitsulo ija; amenewa ndiwo okoka. Patsogolo pace pamakhala ang'onoang'ono otsogolera injini pokhota, kuti isacoke pa njanji. Pambuyo pamakhalanso ang'ono ena osenza kulemera kwa ng'anjo.

Mu 1900 mmisiri wina wa njanji ya New York Central ku America, dzina lace Frederick Whyte, anakonza njira yolembera zimenezi ndi manambala atatu: yoyamba inena magudumu a patsogolo, yaciwiri okoka, yacitatu a pambuyo. Powerenga muziphatikiza mbali zonse ziwiri. Mukaona atatu ku mbali yanu, dziwani kuti onse ali 6. Pamene palibe gudumu mulembe 0. Magudumu a ngolo yokokedwa pambuyo sawerengedwa ai. Conco injini yoonetsa ku mbali imodzi ang'ono awiri, akulu atatu, ndi laling'ono limodzi, ilembedwa 4-6-2. Yopanda ang'ono konse, yokhala ndi akulu atatu okha, ilembedwa 0-6-0. Manambala atatuwa ndiwo mfunda wa injini, ndipo mmisiri wa ku England, wa ku India kapena wa ku Kabwe akawamva aona cithunzi cimodzimodzi m'mutu mwace.

Kukula kwa magudumu okoka kumaulula nchito imene injini inapangidwira. Gudumu lalikulu likazungulira kamodzi lipita patali. Cotero injini zonyamula anthu, zofuna liwiro, zinali ndi magudumu atali kuposa munthu. Injini yochuka ya ku England yochedwa Flying Scotsman, imene iri 4-6-2, magudumu ace ndi a mapazi 6 ndi mainchesi 8, ndiwo mamita 2 ndi pang'ono, ndipo akazungulira kamodzi injini yayenda mamita oposa 6. Inapangidwa ku Doncaster mu 1923, ndipo mu 1934 inathamanga mailosi 100 pa ora, ndiwo makilomita 160. Koma injini zokoka katundu wolemera zinali ndi magudumu ofupikirapo ndi oculuka, kuti agwire njanji molimba ndi kugawana kulemera, monga amacitira amuna ambiri posenza denga la nkhokwe.

Kamba wa pa ulendo

Caciwiri coyang'ana ndi malo a madzi ndi malasha, pakuti injini siyenda yopanda kamba. Injini ya ulendo wautali imakoka ngolo yaceyace pambuyo penipeni, m'mene muli zonse ziwiri. Injini ya maulendo afupi, kapena yokankha mabogi pa siteshoni, imasenza yokha: madzi m'mathanki a m'mbali mwa boila kapena pamwamba pace, malasha m'kabokosi kuseri kwa kanyumba ka woyendetsa. Pa manambala a injini yotere amaonjezerapo lemba T.

Apa tafika pa kasitima kamene ana ambiri akadziwa, kabuluu kaja ka nkhope ya munthu ndi nambala 1, kochedwa Thomas. Werengani magudumu ace: palibe ang'ono, akulu ali 6, ndipo mathanki ali m'mbali. Ndiye kuti ndi 0-6-0T. Mbusa wa mpingo wa Anglican ku England, Wilbert Awdry, anayamba kusimba nthano za sitima kuti asangalatse mwana wace amene anali kudwala cikuku, ndipo pambuyo pace anamsemera kainjini ka mtengo. Buku la Thomas linatuluka mu 1946, ndipo wojambula zithunzi zace, Reginald Payne, anaonera injini za gulu lochedwa E2, za njanji ya London, Brighton and South Coast. Mmisiri wace anali Lawson Billinton. Zinapangidwa 10 zokha ku Brighton pakati pa 1913 ndi 1916, ndipo nchito yace yaikulu inali kukankha mabogi m'masiteshoni ndi pa doko la Southampton. Pofika mu 1963 zonse zinali zitaphwanyidwa. Injini imene ana a maiko onse aidziwa nkhope, yeniyeni yace sinatsale ndi imodzi yomwe.

Komabe a mfunda wace ali pafupi ndi ife kuposa m'mene muganizira. Njanji ya Shire Highlands ku Nyasaland, imene inacokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, ndi kufika ku Blantyre mu 1908, inayamba ndi tiinjini tiwiri tochedwa Thistle ndi Shamrock, topangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford. Tonse tiwiri tinali 0-6-0 tosenza madzi tokha. Titapuma pa nchito tinasungidwa, kena pa siteshoni ya Limbe, kena pa nyumba yosungiramo zakale ya Chichiri ku Blantyre. Wopanga ndi wina, maonekedwe asiyanako, koma mawerengedwe a magudumu ndi amodzi ndi a Thomas.

Nkhope inena kwao

Cacitatu, tembenuzani kasitimako kuti kayang'anizane nanu. Magudumu anena mfunda, koma nkhope inena dziko.

Mukaona mbale ziwiri zacitsulo zozungulira, ina kumanja ina kumanzere, zogundira mabogi, ndipo palibe nyali yaikulu kapena belu, injiniyo ndi ya ku Britain. Kumeneko lamulo linakakamiza eni njanji kumanga mpanda mbali zonse ziwiri, kotero kuti ng'ombe ndi anthu sanali kulowa pa njanji wamba. Injini zao zinali zosalala, mipope yobisika, ndi utoto wowala wobiriwira, wofiira kapena wabuluu. Mukaona mbale ziwirizo, koma thupi liri lakuda bii, magudumu ali ofiira, ndi mipope yambiri yoonekera kunja, ganizani za Germany.

Ku America njanji inadutsa m'chire lopanda mpanda. Cifukwa ca ico anaika kutsogolo cipeso cacikulu cosongoka pakati, cokankhira ng'ombe ndi mitengo yakugwa. Anaikanso nyali yaikulu, belu locenjeza anthu, ndi ngowe imodzi pakati yokolera mabogi. Ngati pamodzi ndi zimenezi cumuni ciri cotambasuka kumwamba ngati mtondo, injiniyo inali kudya nkhuni. Nkhuni zimatulutsa mbaliwali zambiri, ndipo m'kati mwa cumuni cotere munali sefa ya waya yozigwira, kuti zisabutse moto wa lupsa m'mbali mwa njanji. Tisitima tambiri ta mabatire timene timalira ndi kuyaka nyali tiri totere, ndipo ngakhale tambiri timapangidwa ku China masiku ano, kholo lace ndi injini ya ku America ya 4-4-0 ya zaka za m'ma 1850 ndi 1860. Yochuka pa gulu limeneli ndi The General, imene inapangidwa ku Paterson, New Jersey, mu 1855. Mu 1862, pa nkhondo ya pa ciweniweni ya ku America, asilikari a kumpoto anaiba ndi kuthawa nayo, adani ao ali kuwapirikitsa ndi injini zina. Inasungidwa ku Kennesaw m'cigawo ca Georgia, ndipo kampani ya zidole ya Lionel inatulutsa cifanizo cace mu 1959.

Koma cenjerani pano. Injini za kuno kwathu nazonso zinali ndi cokankhira, nyali yaikulu ndi ngowe imodzi, pakuti njanji yathu inadutsa m'chire la ng'ombe ndi nyama. Cokankhira cokha sicikwanira. Muone cumuni ca mtondo ndi belu musananene kuti ndi ya ku America.

Dzina ndi utoto zimanyenga

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri amayamba ndi dzina lolembedwa pa cidole, koma dzina liyenera kudza potsiriza. Kampani ya Hornby, imene Frank Hornby wa ku Liverpool anaiyambitsa, inayamba kugulitsa tisitima ta sipuling'i mu 1920. M'zaka zotsatira inagulitsa kainjini kolembedwa Flying Scotsman, koma magudumu ace anali 4-4-2 m'malo mwa 4-6-2, ndipo thupi lomwelo analipaka utoto wina ndi kulipatsa maina a injini zina. Opanga zidole amacotsa magudumu kuti mtengo ucepe, ndi kuti kainjini kathe kukhota pa njanji yozungulira m'cipinda cacing'ono.

Utoto nawo usakusokeretseni. Sitima yofiira ya m'kanema wa Harry Potter injini yace yeniyeni ndi Olton Hall, nambala 5972, ya 4-6-0, yopangidwa ku Swindon mu 1937. Pa njanji ya Great Western, kwao kwa injiniyo, utoto wa injini zotere unali wobiriwira. Kufiira anaipaka a kanema. Gordon, mnzace wamkulu wabuluu wa Thomas, ndi 4-6-2 wotengera injini za mmisiri Nigel Gresley, ndiye kuti ndi mbale wa Flying Scotsman yobiriwira ija. Ndipo kakang'ono kobiriwira kochedwa Percy, ka magudumu 4, kalibe kholo limodzi. Kanasakanizidwa kucokera ku tiinjini tosiyanasiyana ta m'mafakitale. Zidole zambiri zochipa ziri comweco, mutu wa kwina, miyendo ya kwina.

Nambala ithandiza pokhapokha igwirizana ndi magudumu. Mukapeza 4472 pa injini yobiriwira ya 4-6-2, mwapeza Flying Scotsman. Mukapeza 4468 pa yabuluu ya mphuno yotsetsereka, ndiyo Mallard, imene pa 3 July 1938 inathamanga mailosi 126 pa ora, ndiwo makilomita 203, liwiro limene injini ina ya nthunzi sinalipose. Yakuda ya 2-8-4 ya nambala 1225 ndi ya njanji ya Pere Marquette ku America, yopangidwa mu 1941, imene a kanema wa The Polar Express anaonera.

Pali mayeso enanso a ana a sukulu. Zifanizo zopangidwa mosamala zimatsata muyeso. Zolembedwa OO zacepetsedwa ka 76, zolembedwa HO ka 87. Flying Scotsman pamodzi ndi ngolo yace italika mapazi 70, ndiwo mamita 21 ndi pang'ono; gawani ndi 76, mupeza masentimita 28. Cifanizo ca OO cikafupika kwambiri kuposa apa, dziwani kuti wopanga anadulako.

Injini imene makolo athu anakwera

Mwaona kuti zidole zonse tachulazi makolo ace ali ku Britain, ku America kapena ku Germany. Nanga injini imene anthu a kwathu anaiona ndi maso ndi iti?

M'nthawi ya atsamunda amuna ambiri a m'dera la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata ndi maboma oyandikana nayo, anali kupita kukafuna ndalama za msonkho ndi za zobvala. Ena anadzera m'dziko la Apwitikizi, pansi kapena pa malole a Ulere, kunka ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku mgodi wa malasha wa Wankie. Ena anatsata mseu waukulu wa kum'mawa, makilomita pafupifupi 570, kukakwera sitima ku Lusaka kunka ku migodi ya mkuwa. Ena anabwera ndi njinga ndi masutukesi, ena anakhala machona. Njanji imene anakumana nayo inali ya Rhodesia Railways, ndipo m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 injini yaikulu pa njanjiyo inali ya mtundu wochedwa Garratt.

Garratt siibvuta kuizindikira, pakuti iri ndi zigawo zitatu. Patsogolo pali thanki ya madzi yokhala pa magudumu ace okoka. Pambuyo pali bokosi la malasha ndi madzi ena, nalonso pa magudumu ace okoka. Pakati pali boila ndi kanyumba ka woyendetsa, zolenjekeka pakati pa ziwirizo ngati macira, popanda gudumu pansi pace. Kunena mwacidule, ndi injini ziwiri zodyera mphika umodzi. Nzeru imeneyi inali ya Herbert William Garratt, amene anailembetsa ku boma la Britain mu 1907; kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga yoyamba mu 1909, ya ku cisumbu ca Tasmania.

Cifukwa cace inakondedwa kuno ndi ici. Njanji yathu ndi yopapatiza: pakati pa zitsulo ziwiri pali mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndiwo mamilimita 1,067, pamene ya ku England ndi America iri ndi mamilimita 1,435. Inamangidwa mofulumira, ndi zitsulo zopepuka, yokhotakhota pozungulira mapiri. Injini yaitali ya thupi limodzi ikadalephera kukhota, ndipo yolemera pa magudumu owerengeka ikadathyola njanji ndi milatho. Garratt imapinda pawiri, igawa kulemera kwace pa magudumu ambiri, iyenda bwino camtsogolo ndi cam'mbuyo comwe, ndipo anthu a injini imodzi acita nchito ya injini ziwiri. Popeza pansi pa boila palibe magudumu, ng'anjo ikhoza kukhala yaikulu ndi yakuya. Bvuto lace linali lakuti madzi ndi malasha zikacepa, kulemera kopanikiza magudumu okoka kunali kucepanso, ndipo pa citunda anali kuterereka. Rhodesia Railways inagula injini zotere pafupifupi 250. Ndi njanji ya South Africa yokha imene inali nazo zambiri kuposa apa.

Polemba mfunda wa Garratt timalemba mbali ziwiri ndi kuika cizindikiro ca kuphatikiza pakati. Gulu la 15, la sitima za anthu, linali 4-6-4+4-6-4. Zinapangidwa 74 pakati pa 1940 ndi 1952, ndipo thanki yace ya patsogolo inali yoburungira ngati mphumi. Gulu la 20, la katundu, linali 4-8-2+2-8-4. Zinapangidwa 61 pakati pa 1954 ndi 1958. Iriyonse inali kulemera matani oposa 200, ndipo ng'anjo yace inali yaikulu kotero kuti malasha anali kulowetsedwa ndi makina, pakuti munthu wa fosholo sakadakwanitsa. Zimenezi ndizo zinali kukoka malasha a ku Wankie kunka ku migodi, ndi mkuwa pobwerera. Taonani cinthu ici: magulu onse awiri ali ndi magudumu 28. Wongowerenga onse pamodzi adzati ndi injini imodzi. Koma okoka a gulu la 15 ali 12, a mapazi 4 ndi mainchesi 9, pamene a gulu la 20 ali 16, a mapazi 4 ndi mainchesi 3. Lamulo lija la magudumu akulu a liwiro ndi ang'ono a mphamvu laonekanso pano.

Tisaiwale kuti kwa zaka zambiri kanyumba ka woyendetsa kanali ka Azungu okha. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Federation mu 1956, anayamba ngati woponya malasha nakhala woyendetsa injini ku Broken Hill. Anthu akuda anali kukonza njanji, kutsuka injini, kucotsa phulusa ndi kusenza katundu. Ndipo mu October 1945 ananyanyala nchito kuyambira ku Bulawayo, sitalakayo nifika ndi kumpoto kwa Zambezi. Mu 1967 njanji inagawidwa, mbali yathu nikhala Zambia Railways, ndipo m'zaka za m'ma 1970 dizilo inalowa m'malo mwa malasha. Ku Zimbabwe anakonzanso Garratt zambiri ku Bulawayo ca m'ma 1980 ndi kuziyendetsa zaka zina zambiri. Wofika ku Livingstone akaone nyumba yosungiramo za njanji, imene iri pa malo akale a injini za Zambezi Sawmills zonka ku Mulobezi. Ndipo ku Bulawayo kuli inanso.

Imene sitolo siigulitsa

Zifanizo za Garratt zimapangidwa zowerengeka, za akulu okonda kusonkhanitsa zotere, ndipo mtengo wace ndi wokwera. Pakati pa zidole za ana n'zosowa. Conco mwana wa ku Chadiza adziwa injini ya pa doko la Southampton ndi ya nkhondo ya ku America, koma imene inanyamula agogo ace kunka ku Wankie sanaionepo ngakhale cithunzi. Pamenepa ndi pamene ana a waya aposa ana a m'sitolo, pakuti iwo sayembekeza kuti wina awapangire.

Mwana wodziwa kupanga galimoto la waya angathe kupanga Garratt. Apange ngolo ziwiri zofanana, iriyonse ndi magudumu ace: zibvundikiro za mabotolo zikhale ang'ono, zibvundikiro za zitini za polishi zikhale okoka. Pa ngolo ya patsogolo aike kabokosi ka madzi, pa ya pambuyo ka malasha. Kenaka apange mlatho wa waya wolimba wosenza citini cacitali ndi kanyumba, ndi cumuni cacifupi ca bango. Nsonga ziwiri za mlathowo zikhale pa ngolo ziwirizo, iriyonse pa msomali umodzi wokha, kuti ngolo zizitha kutembenuka. Akaikoka pa njira yokhota adzaona ndi maso ace cimene Garratt anaganiza mu 1907. Inu aphunzitsi, m'menemo muli masamu a kuwerenga, kugawa ndi kuyesa, ndiponso mbiri ya dziko lathu.

Ndipo inu amai ndi abambo amene muli ndi nkhalamba pamudzi zimene zinayenda maulendo aja, tumani ana akafunse zikali moyo, pakuti safunsa anadya phula. Agogo sadzakumbukira manambala, koma funso limodzi likwanira: kodi sitima polowa pa siteshoni, cinayamba kuoneka n'ciani, cumuni kapena thanki? Akati cumuni cinali patsogolo penipeni ndi ngolo ya malasha pambuyo, inali injini ya thupi limodzi, monga za gulu la 12 za 4-8-2 zopangidwa ku Glasgow. Akati patsogolo panali cibokosi cacikulu ca nyali, cumuni ciri m'mbuyo mwace, anakwera Garratt. Mwanayo alembe dzina la siteshoni ndi caka, ngati agogo acikumbukira, ndipo apange injini yomweyo.

Kumbukirani dongosolo lace: yambani ndi magudumu, muone malo a madzi ndi malasha, muyang'ane nkhope, ndipo dzina ndi nambala zidze potsiriza.